Gitala yakale ya magetsi: ilire kaye, penti abwere pambuyo

NSADZO, Chifunde. Msewu wochokera mumzinda wa Tete kupita kumalire a Cassacatiza wadutsitsa katundu wamitundumitundu wolowera ku Chanida ndi ku Katete m'dziko la Zambia. Koma pali katundu wina amene sadayende pamsewu umenewu. Adadzera m'tinjira ta m'tchire, pamutu ndi panjinga, pamene anthu a boma la Chifunde ankathawa nkhondo kupita ku Zambia ndi ku Malawi, ndiponso pamene ankabwerera kumabwinja awo mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Panali mapoto, makasu, mawailesi, makina osokera, ndipo pena ndi pena zoimbira.

Papita zaka zoposa 30 tsopano. Gitala ya magetsi ya nthawi imeneyo, imene ambiri kuno amaitcha viola, ikapezeka lero imapezeka itapachikidwa kudenga kapena itakankhiridwa kunsi kwa bedi. Nsambo zake zidachita dzimbiri, penti adang'aluka ngati dothi la m'dambo mwezi wa Okutobala, ndipo ukailumikiza ku ampulifaya imangolira ngati njuchi kapena kungoti zii. Mwini wake mwina adatsogola kale, ndiye yatsala m'manja mwa mphwake, mnyamata amene akufuna kuimba nayo kutchalitchi kapena paukwati.

Choyamba kubwera m'mutu mwa mnyamata wotere ndi sandipepala ndi kachitini ka penti. Akufuna ionekenso yatsopano. Apa ndi pamene magitala ambiri akale amafera kachiwiri, chifukwa ntchito yoyenera kubwera pomaliza, kapena yosayenera kuchitika n'komwe, ndiyo imachitika poyamba.

Kumene magitalawa adachokera

Nsadzo ili m'mphepete mwa malire, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi: chilankhulo chimodzi, gule mmodzi, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti Achewa a ku Moçambique, Malawi ndi Zambia amakumana ku Mkaika, pafupi ndi Katete, pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Nyimbo nazonso sizifuna chiphaso. Zolira pawailesi tsidya lija zimamvekanso tsidya lino.

M'zaka za m'ma 1970, ku Zambia kudabuka maimbidwe a gitala ya magetsi amene lero amatchedwa Zamrock. Gulu la WITCH, lotsogoleredwa ndi Emmanuel "Jagari" Chanda, lidachokera kumigodi ya kopa. Gulu la Amanaz lidatulutsa chimbale chotchedwa Africa mu 1975. Ku Lusaka kunali Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, amene ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja ndipo adatchuka ndi gitala yolira mokalipa. Boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda lidalamula kuti nyimbo zambiri zoulutsidwa pawailesi zikhale za m'dzikomo, ndipo achinyamata ambiri adayamba kufuna magitala.

Zinthu sizidakhalitse. Mtengo wa kopa udagwa, ndalama zidasowa, malamulo oletsa kuyenda usiku adapha malo oimbirako, ndipo m'zaka za m'ma 1980 matenda a Edzi adatenga oimba ambiri. Paul Ngozi adamwalira mu 1989. Zoimbira zidamwazika, zina kugulitsidwa, zina kukathera m'makwaya ndi m'mabandi a kumidzi.

Koma mawu a akulu akoma akagonera. Kampani ya Now-Again ya ku America idayamba kusindikizanso zimbale zakalezo, gulu la WITCH lidadzukanso n'kutulutsa chimbale cha Zango mu 2023, ndipo mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator adagwiritsa ntchito chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family m'nyimbo yake. Zimene anthu ankaziyesa zinyalala zasanduka chuma. Gitala ya zaka zimenezo ndi mboni ya mbiri yomweyo.

Izi sizikutanthauza kuti gitala iliyonse yakale ndi ya ndalama zambiri. Magitala a Fender ndi Gibson ochokera ku America anali odula kuyambira kale. Amene adafala padziko lonse m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anali otsika mtengo, monga Teisco ya ku Japan, Eko ya ku Italy, Egmond ya ku Holland ndi Framus ya ku Germany, kuwonjezapo ena ongotengera maonekedwe a Fender. Komabe kaya ndi yodula kaya ndi yotchipa, kakonzedwe kake kamayamba chimodzimodzi.

Maso ayambe, manja atsatire

Mmisiri wodziwa ntchito sathamangira sikuludiraiva. Amayamba wapukuta fumbi ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono, n'kuyang'ana gitala yonse poyera. Amalemba m'kope chilichonse chimene waona, ndipo popeza masiku ano mafoni ali ponseponse, amajambula zithunzi asanamasule kanthu, makamaka za mawaya a m'kati. Tizitsulo ndi timasikuluu amatiika m'timabokosi ta machesi, tam'malo amodzi pamodzi, chifukwa sikuluu yaitali ikalowa pamalo a yaifupi imatha kuboola thabwa mpaka kutulukira kuseri.

Gitala imanena yokha zaka zake kwa wodziwa kuwerenga. Nambala yake imakhala kuseri kwa mutu kapena pakachitsulo komangira khosi ku thupi. Pa magitala ambiri akale a Fender, tsiku limene khosi lidapangidwa lidalembedwa kutsinde kwa khosilo, pamalo obisika. Tizitsulo tokwezera ndi kutsitsira mawu tili ndi manambala kumsana: toyamba ndi 137 tidapangidwa ndi kampani ya CTS ya ku America, ndipo manambala otsatira amatchula chaka ndi sabata. Munthu akapala zizindikiro zimenezi ndi sandipepala wafafaniza chitupa cha gitalayo, ndipo sichibwereranso.

Mdani wina ndi wodziwika kwa aliyense wosunga chimanga. Timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa tikusonyeza kuti thabwa likufumbwa. Mankhwala ophera tizilombo ta m'matabwa amathiridwa m'timabowomo ndi jakisoni, gitala n'kuikidwa padera masabata angapo kuti zioneke ngati ufa wasiya kutuluka. Ukasiya, timabowo timatsekedwa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu wa matabwa. Kupaka penti pamwamba pa thabwa lofumbwa ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Khosi ndilo moyo wa gitala

Nsambo zisanu ndi imodzi zikakungidwa zimakoka khosi ndi mphamvu ya pafupifupi makilogalamu 45, usana ndi usiku. Gitala imene yakhala zaka zambiri kunsi kwa malata, m'kutentha kwa chilimwe ndi m'chinyezi cha dzinja, khosi lake limapindika ngati uta. Zikatero nsambo zimatalikirana ndi khosi, zala zimapweteka, ndipo mawu sagwirizana ngakhale woimbayo akunge bwanji.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Nsambo yaikulu imadinidwa pa fureti yoyamba ndi pa yomaliza nthawi imodzi. Mafureti ndi timizere tachitsulo tija topingasa pakhosi. Pakati pa khosi payenera kutsala kampata kongokwana kapepala kolimba. Mpata ukakula, ndiye kuti khosi lapindika.

M'kati mwa makosi ambiri muli ndodo yachitsulo yowongolera, imene mutu wake umaonekera kumutu kwa gitala kapena kutsinde kwa khosi. Imapotokoledwa pang'ono zedi, gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira kumodzi, nsambo zitamasulidwa, kenako gitala imasiyidwa mpaka mawa kuti thabwa lizolowere. Ikakana kutembenuka, amadonthezapo mafuta a makina osokera n'kudikira. Woikakamiza amaithyola, ndipo ndodoyo ikathyokera m'kati ntchito yake imakula kuposa mtengo wa magitala ambiri. Kuthamanga sikufika.

Mafureti odyeka amalinganizidwa ndi tupa yosalala, osati kuzulidwa onse. Kachidutswa kamene nsambo zimadutsapo kumutu kakasweka, kena kamasemedwa kuchokera ku fupa louma la ng'ombe, ndipo fupa limaposa pulasitiki ya m'sitolo. Zokungira nsambo zimamasulidwa, kunyikidwa m'palafini, kutsukidwa ndi mswachi wakale n'kudzozedwa mafuta. Pomaliza pali lamulo la muyeso: fureti ya nambala 12 ikhale pakati penipeni pa nsambo. Pa magitala a mtundu wa Fender nsambo imatalika mamilimita 648, pa a mtundu wa Gibson pafupifupi 628. Chitsulo chogwira nsambo kumunsi chikasunthidwa pamalo pake, gitala singagwirizane ndi zoimbira zina.

Mawaya ndi maginito

Gitala ya magetsi simva mawu ngati maikolofoni. Kunsi kwa nsambo kuli timabokosi totchedwa pickup, momwe muli maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi. Pa Fender Stratocaster, imene idayamba kupangidwa mu 1954, wayayo amazungulira pafupifupi ka 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa timene ampulifaya imakulitsa. N'chifukwa chake nsambo za nayiloni sizilira pa gitala yotere. Waya wa mabuleki a njinga, amene wathandiza opanga mabanjo kwa zaka zambiri, amalira ndithu popeza ndi wachitsulo, koma amadya mafureti. Ndi bwino kutuma wopita ku Tete, ku Chipata kapena ku Lilongwe kuti akagule nsambo zenizeni.

Kawirikawiri gitala yosalira siikhala kuti maginito adafa. Vuto limakhala dzimbiri pabowo lolowetsa chingwe, waya woduka pamene adawotcherera, kapena fumbi m'tizitsulo tokwezera mawu. Wokonza mawailesi kapena mafoni pamsika ali ndi zida zokwanira: mita yoyezera magetsi ndi chowotcherera. Pickup yamoyo ya mtundu wa Stratocaster imaonetsa pafupifupi ma ohm 6,000 pamita. Ikapanda kuonetsa kanthu ndiye kuti waya waduka, ndipo nthawi zambiri amadukira kumapeto kumene angathe kulumikizidwanso. Gitala yolira ngati njuchi imakhala kuti kawaya kochokera ku chitsulo chogwira nsambo kadachoka.

Zitsulo zakale zimene zachotsedwa zisatayidwe. Zisungidwe m'kathumba pamodzi ndi gitalayo, chifukwa tsiku lina wodziwa zambiri adzazifuna.

Pali chenjezo limodzi lokhudza moyo. Gitala payokha ilibe magetsi oopsa, koma ampulifaya yakale yolumikiza ku magetsi a m'nyumba kapena ku jenereta ikhoza kutumiza magetsi m'nsambo ngati mawaya ake adaonongeka. Woimba wa ku England Keith Relf, wa gulu la Yardbirds, adafa motero mu 1976 akuimba gitala kunyumba kwake. Ampulifaya zakale za mavalavu zimasunganso magetsi m'kati ngakhale zitazimitsidwa. Gitala yokonzedwa kumene iyambe yayesedwa pa kaampulifaya ka mabatire, ndipo yaikuluyo itsegulidwe ndi wodziwa zamagetsi yekha.

Zipsera zili ndi mtengo wake

Khosi likawongoka ndipo mawu akatuluka, m'pamene funso la penti limafika. Yankho la ogula ndi osunga magitala akale padziko lonse ndi lodabwitsa kwa ambiri: gitala yokhala ndi penti wake woyamba, ngakhale wokalikakalika, imaposa kutali mtengo wa inzake yopakidwanso mwatsopano.

Woimba wa ku Ireland Rory Gallagher adagula Stratocaster ya 1961 mumzinda wa Cork mu 1963 pamtengo wa mapaundi 100. Adaimba nayo moyo wake wonse mpaka penti adatsala pang'ono kutheratu, thabwa lili pamtunda. Sadaipakenso. Mu Okutobala 2024 gitalayo idagulitsidwa ku London pamtengo wa mapaundi 889,400, ndipo idaperekedwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ya dziko la Ireland.

Nkhani ya Peter Frampton wa ku England ndi yofanana kwambiri ndi ya katundu wa othawa nkhondo. Gitala yake yakuda ya Gibson Les Paul inali m'ndege yonyamula katundu imene idagwa n'kuyaka ku Venezuela mu 1980. Aliyense adati idapsa. Koma idapulumuka, n'kukapezeka pachilumba cha Curaçao, ndipo idabwezedwa kwa mwini wake mu 2011, patatha zaka 31. Amisiri adakonza zofunika kuti ilirenso, koma zipsera za moto adazisiya.

Gitala ya pa Nsadzo singafike pamitengo yotere, koma phunziro lake ndi lomwelo. Pamene penti adatha chifukwa cha mkono wa malume, dzina limene adalemba kuseri ndi msomali, kachigamba kamene adamata ali kumsasa wa Ukwimi kudera la Petauke kapena m'midzi ya ku Malawi: zonsezi ndi kalata imene banja lidasiyiridwa. Penti wakale wongothimbirira amafuna sopo pang'ono, kansalu ndi polishi wa galimoto wosakanda, basi.

Pamene kupaka kuli koyenera

Nthawi zina palibe kuchitira mwina. Ngati wina adaipaka kale penti wa zitseko ndi burashi, kapena madzi adalowa mpaka penti akusendeka yekha n'kusiya thabwa poyera, kupaka kumateteza gitala.

Choyamba ndi kudziwa mtundu wa penti wakaleyo. Magitala a m'ma 1950 ndi 1960 ankapakidwa nitrocellulose, penti wopyapyala amene amasungunuka ndi thinala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mafakitale ambiri, kuphatikizapo Fender, adayamba penti wokhuthala wonga pulasitiki amene thinala samutha. Kadontho ka mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, kodonthezedwa pamalo obisika, kamaulula: penti akafewa ndi wa mtundu woyamba.

Zitsulo zonse zimachotsedwa, khosi limamasulidwa ngati ndi lomanga ndi masikuluu, ndipo manambala, dzina la kumutu ndi m'mabowo a mawaya zimaphimbidwa ndi tepi. Kupala kumayamba ndi sandipepala wa nambala 120, kenako 220, kumaliza ndi 320, wokulungidwa pakathabwa kosalala ndi motsata mitsempha ya mtengo. Magitala otsika mtengo ambiri ndi a pulayiwudi wokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka mtengo wabwino, ndipo dzanja lolemera limakaboola m'kanthawi kochepa. Galasi losweka, limene akalipentala ena amapalira mipando, lisayandikire. Ntchitoyi ichitikire panja, mphuno ndi pakamwa zitaphimbidwa, kutali ndi moto ndi ana, chifukwa fumbi la penti wakale likhoza kukhala ndi mtovu ndipo thinala sachedwa kuyaka.

Pamene pafunika chigamba cha thabwa, mitengo ya konkuno ndi yokwanira. Mbawa ndi mtengo umene mafakitale akunja amapangira magitala, mlombwa sufumbwa msanga, ndipo phingo, amene Apwitikizi amamutcha pau-preto, ndi amene amapangira zitoliro zodula za ku Ulaya. Chofunika n'chakuti thabwalo likhale louma bwino.

Penti woyenera ndi wa galimoto. Izi si zachilendo, popeza mitundu yowala ya magitala a Fender a m'ma 1960 inali penti wa magalimoto wa kampani ya DuPont. Choncho wopopera magalimoto m'galaja angathe kuigwira ntchitoyi, kapena munthu angagule penti wa m'zitini zopopera. Pamayamba penti woyalira, kenako wamtundu, pomaliza vanishi woonekera, chilichonse mopyapyala kangapo, osati kamodzi mokhuthala. Ikatha imapachikidwa m'chipinda chopanda fumbi masabata atatu kapena anayi, ndipo pambuyo pake imasalazidwa ndi sandipepala wa m'madzi kuyambira nambala 800 mpaka 1500, n'kupukutidwa ndi polishi.

Nyengo nayo ili ndi mawu. M'dzinja chinyezi chimachititsa vanishi kuyera ngati nkhungu. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mphepo imanyamula fumbi ndi phulusa la lupsa. Miyezi yabwino ndi Meyi, Juni ndi Julayi, imenenso alimi a fodya ndi chimanga amakhala atapezako kangachepe. Kuyanika gitala padzuwa kuti iume msanga kumafewetsa guluu ndi kupinda khosi limene langowongoledwa kumene.

Amisiri alipo kale

Wina anganene kuti ntchito yotere ndi ya akatswiri a kunja. Mbiri ya nyimbo za kuno ikutsutsa zimenezo. Dilon Djindji, mmodzi wa makolo a marrabenta, wobadwa mu 1927 ku Marracuene, adayamba ndi gitala ya nsambo zitatu imene adapanga yekha ndi chigubu cha mafuta. Ku Malawi gulu la Madalitso Band lafika mpaka ku Ulaya ndi babatoni, choimbira cha nsambo imodzi chopangidwa pamanja. Ngakhale ku England, Brian May wa gulu la Queen adapanga gitala yake ya magetsi pamodzi ndi bambo ake kuyambira mu 1963, khosi lake kuchokera ku thabwa lakale la pamalo oothera moto, ndi masipuling'i a njinga yamoto. Itatopa, mmisiri Greg Fryer wa ku Australia adaikonza mu 1998 mosamala kuti ikhalebe yomwe ija.

Mutu umodzi susenza denga. Kalipentala amadziwa thabwa ndi guluu, wokonza mawailesi amadziwa mawaya, wopopera magalimoto amadziwa penti, ndipo mkulu amene adaimvapo gitalayo masiku ake amadziwa mmene inkalilira. Chosowa ndi dongosolo lokha: kuyang'ana, kuwongola khosi, kulumikiza mawaya, kuimba, ndipo penti pomaliza ngati afunikadi.

Mnyamata wolandira gitala ya malume ake angachite bwino kufunsa kaye akuluakulu a pabanja asanagule sandipepala: idagulidwa kuti, idaimba m'bandi iti, idawoloka malire chaka chanji. Mayankho awo alembedwe papepala n'kusungidwa m'chikwama cha gitalayo, pamodzi ndi zitsulo zakale zija. Amene adathawa nayo ndi kubwerera nayo akucheperachepera chaka ndi chaka, ndipo iwo akapita, zipsera za pagitala n'zimene zidzatsale zikulankhula.